Abambo Ako Ali M'mbale Iti?

Lachiwiri m'mawa ndinafunditsa benchi langa la nsapato, n'kutenga kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivundikiro chake, ulendo wa ku labotale komwe amagwira ntchito mwana wanga woyamba, amene kunyumba timam'tcha Magalasi. Ndinkapita kukatenga abambo ake, kapena tinene kachidutswa ka abambo ake, chifukwa eni akewo ndinali nditawasiya pampando kunyumba akulimbana ndi batani la malaya.

"Amayi! Mwalowa bwanji muno? Pakhomo paja pamafunika khadi."

"Ndamuuza mlonda kuti ndine amene ndinakubereka. Khadi lina liti?"

"Chabwino, koma musakhudze chilichonse. Valani ili." Anandipatsa jasi loyera.

"Sindinabwere kudzagulitsa nyama ine."

"Ndi lamulo, amayi."

Ndinavala. Mabatani ake sanakumane, koma si vuto langa limenelo.

"Fomu ija mwabwera nayo? Ikufunika ku ofesi 12 koloko isanakwane."

Fomuyo ndi yomwe abambo ake amavomereza chaka ndi chaka kuti khungu lawo lipitirize kugwiritsidwa ntchito pa kafukufuku. Bambowa anali telala zaka makumi atatu, koma matenda a mu ubongo onjenjemeretsa aja anawalanda manja, moti masiku ano amangodinda chala, ine n'kusaina ngati mboni. Chala anadinda kale. Ine ayi.

"Fomu ili m'chikwama umu, ndipo ikhala momwemo. Abambo ako ali kuti?"

"Si mwawasiya kunyumba?"

"Usandiyankhe ngati wapolisi. Ndikunena aja unawadula pamkono."

"Sindinawadule ine, anawadula anamwino. Mamilimita anayi okha."

"Ndipatse mamilimita angawo ndizipita. Ndasiya malonda."

"Mukufuna mukatani nawo?"

"Dzulo tikudya, abambo ako akuseka, akuti, mwana wanga amandipha Lachiwiri lililonse. Ine ndinayesa nthabwala. Ndafunsa bwinobwino, akuti ndi zoona, ndipo iwe unawauza wekha. Lero n'lachingati?"

"Lachiwiri."

"Ndiye ndafika nthawi yabwino. Tsegula."

Anakonza magalasi ake ndi chala, monga amachitira kuyambira ali sitandade thuu.

"Khungu lija kulibenso, amayi. Tinalisandutsa maselo a ubongo."

"Ma chiyani?"

"Maselo. Thupi lonse la munthu linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tamoyo, tosaoneka ndi maso. Ife tinatenga ta pakhungu, n'kutibweza kuti tikhale ngati mbewu, kenako mbewuyo n'kuilera kuti ikhale ta mu ubongo."

"Khungu la pamkono? Kusanduka ubongo?"

"Eya."

"Nanga bwanji sunayambe ndi amalume ako? Khungu ali nalo lambiri, chosowacho n'chomwecho."

"Amalume sali m'kafukufuku."

Anatsegula chinthu chooneka ngati firiji. Ndinaika dzanja pakhomo pake, mpweya wofunda n'kundiomba.

"Firiji yako yafa iyi."

"Si firiji. Imasunga kutentha kwa thupi la munthu, madigiri 37. Chotsani dzanja, amayi, chonde."

Mkatimo munali timbale khumi ndi tiwiri, tating'ono ngati chivundikiro cha botolo la mafuta odzola, tili ndi timadzi tapinki.

"Amadya chiyani?"

"Madzi apinkiwo. Muli mchere, muli shuga…"

"Shuga! Adokotala anawaletsa shuga!"

"Analetsa abambo, osati maselo."

"Maselowo ndi a ndani?"

"A abambo."

"Ndiye ukutsutsa chiyani? Munthu ine ndimam'bisira shuga pamwamba pa kabati, kuno iwe ukum'miza m'menemo tsiku lonse. Chabwino. Abambo ako ali m'mbale iti?"

"Sindikudziwa."

Ndinakhala pampando wozungulira uja. Unandizungulitsa, ndinabwerera pomwepo.

"Bwereza."

"Sindikudziwa, amayi. Muli anthu anayi m'menemu, aliyense mbale zitatu. Pambale pamalembedwa nambala yokha. Kaundula wa mayina amatsekeredwa ku ofesi, ine sindiloledwa kumuona."

"Sukuwadziwa abambo ako."

"M'mbale, ayi."

"Munthu amene anakusokera yunifolomu usiku ndi usana, ya mathumba awiri chifukwa umanyamula mapensulo ambiri ngati wogulitsa?"

"Anali mathumba atatu."

"Ndiye atatu! Ndipo lero sukuwadziwa!"

"A ku ofesi anachita dala. Ndikadziwa kuti awa ndi abambo, ndikhoza kukondera poyeza."

"Ndiye mwana akapanda kukondera bambo ake, kunoko mumati ndi nzeru?"

"Timati ndi kafukufuku wabwino."

"Bweretsa kuno ndione ndekha. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndagona nawo chipinda chimodzi, ndiwazindikira ngakhale mutawasungunula."

Anavala magulovu, n'kuika kambale kamodzi pansi pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono aja. Ndinatsinzina diso limodzi.

"Tsegulani onse awiri, amayi."

"Ndikamayang'ana ngati nsapato ili ndi mng'alu ndimatsinzina limodzi. Usandiphunzitse kuyang'ana katundu."

Ndinaona tinthu ngati akangaude ogwirana miyendo.

"Si awa. Awa akonda kucheza. Bweretsa ina."

Anabweretsa ina.

"Awa aonda kwambiri. Ina."

"Amayi, kunja kuno kumawazizira."

"Aha! Ndi awa. Taona ako kakhala pakona kokhakokha, kosalankhula ndi anzake. Ndi abambo ako enieni pa ukwati wa anthu."

"Maselo onse salankhula."

"Koma aka kakuchita kuonetsa. Nambala yake n'chiyani?"

"Musandiuze zimenezo, mundisokoneza. Komanso mwayi woti mwalondola ndi umodzi mwa inayi."

"Mwayi woti ndikumenya ndi kontena iyi ndi inayi mwa inayi. Tsopano undiuze bwinobwino, umawapha bwanji?"

Apa nkhope yake inawala, mwana wopanda manyazi. Anandikokera pa kompyuta n'kutsegula kanema. Panaoneka selo limodzi lalikulu, lobiriwira, mkati mwake mutadzaza timizere tofiira, titalititali, tikuyenda pang'onopang'ono ngati ulusi wogwera m'beseni la madzi.

"Mitunduyo timachita kupaka kuti tizitha kuona. Zofiirazo ndi mitokondiriya."

"Dzina limenelo ukamuuze mkazi wako ukadzam'peza. Ine ndiziti ulusi."

"Si ulusi, amayi."

"Ndi wautali?"

"Eya."

"Woonda?"

"Eya."

"Umapiringizana?"

"Nthawi zina."

"Ndakhala ndi telala ine. Ndi ulusi. Ntchito yake?"

"Umasandutsa chakudya kukhala mphamvu. Selo la ubongo limadya mphamvu zambiri kuposa ena ambiri, ndiye popanda iwo silikhalitsa. Taonani apa, awiri akumana, alumikizana, wakhala umodzi wautali. Apa wina waduka pakati. Selo likakhala bwino zimangotero tsiku lonse, kuduka ndi kulumikizana."

"Ndiye vuto lili pati?"

"Dikirani. Apa m'pamene ndinathira poizoni."

"Unathira chiyani?"

"Poizoni. Koma mlingo woyezedwa bwino."

"Anthu inu, tamvani! Akuti woyezedwa bwino! Ukanawathira mosayeza ndiye ndikanadandaula, eti?"

"Zotsatira zake zikanakhala zosadalirika."

Maso anga anali pa kanema. Ulusi uja unayamba kuning'a apa ndi apo, ngati wina akuumanga ndi timfundo. Kenako phwii, phwii, phwii, kuduka. Kulumikizana kuja kunatha. Posakhalitsa panalibenso ulusi, panangotsala timikanda tofiira tambirimbiri, ngati mkanda wa m'khosi ukaduka pakati pa msika. Timikandato tinatupa. Selo linabweza miyendo yake, n'kukwinyika, n'kuzima.

"Wadula ndani?"

"Selo lokha. Muli kanthu kena kamene kamazungulira ulusi ngati mphete, n'kufinya mpaka uduke."

"Lokha? Kudula ulusi wake womwe? Lazungulira mutu?"

"Ayi, likutsatira dongosolo. Ulusi ukaduka chonchi n'kutupa, umabooka. Zimene zinali mkati zimatayikira m'selo, ndipo zikatayika, selo limadziwa kuti yakwana nthawi, limayamba kudziphwasula lokha bwinobwino."

"Bwinobwino."

"Mwaudongo kwambiri, amayi. Mukanaona…"

"Tseka pakamwa. Iwe umakhala pampando uwu, n'kumaonera abambo ako akusanduka mikanda, ngati mpira?"

"Ndimaonera kawiri. Kachiwiri ndimawerenga mikandayo."

Ndinayang'ana kudenga. Kunali nyali zokhazokha, kopanda wondithandiza.

"Chifukwa chiyani, iwe mwana?"

"Chifukwa zofanana ndi zimenezi n'zimene tikuganiza kuti zikuchitika m'mutu mwa abambo. Kumeneko zimatenga zaka, selo limodzi lero, lina mwezi wamawa, ndipo sitingatsegule mutu kuti tione. M'mbale timafulumizitsa, tione tsiku limodzi."

"Ndiye matenda akuchedwa, iwe wati uwathandize."

"M'mbale mokha."

Ndinaona kuti kukalipa sikugwira. Munthu ameneyu ukam'kalipira amayankha funso lokha, kukalipako amakusiyira. Ndinakhala bwino, n'kuika chikwama pamiyendo, monga ndimachitira akabwera wogulitsa mabelo a nsapato.

"Tikambirane ngati anthu akuluakulu. Lero uthira mbale zingati?"

"Zisanu ndi zitatu."

"Ziwiri."

"Pepani?"

"Ziwiri. Ndipo ya pakona ija isakhalepo."

"Amayi, si nsapato izi."

"Nsapato ndi bwino, zilibe mkazi. Zitatu."

"Munthu aliyense ali ndi mbale zitatu. Imodzi sitiikhudza, ziwiri timathira. Anthu anayi kuchulukitsa ndi ziwiri…"

"Masamu ukawerengere anzako. Zinayi, ndipo ndafika pamenepo chifukwa ndiwe mwana wanga. Wina sindikanam'patsa."

"Zisanu ndi zitatu."

"Iwe, pokambirana munthu amatsikako. Ine ndakwera kawiri konse, iwe uli pomwepo ngati chitsa."

"Ndikatsika, kafukufuku sakhala ndi tanthauzo."

"Basi, zikomo, tsala bwino."

Ndinanyamuka, n'kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo. Aliyense wodziwa malonda amadziwa kuti munthu akafika pachitseko umamuitana. Ndinafika pachitseko. Zii. Ndinagwira chogwirira. Zii. Ndinatsokomola.

"Amayi."

"Eya?" Ndinatembenuka msanga.

"Chimenecho n'chokankha, osati chokoka."

Ndinabwerera, n'kumenyetsa kontena patebulo.

"Thira abambo ako umu. Atatu onsewo. Ngati sukuwadziwa, thira onse khumi ndi awiri, enawo ndikawasunga mpaka abale awo abwere."

"Afa musanafike pokwerera basi."

"Chifukwa?"

"Kuzizira."

"Ndiwaika pachifuwa. Si wati 37? Ndili nayo pompano, yaulere, yosadalira magetsi. Iweyo unabadwa miyezi isanu ndi iwiri, wofanana ndi mbewa yonyowa, ndinakufunditsa pachifuwa pomwepa mpaka unasanduka munthu. Ndilephere timadzi tapinki?"

"Ine ndinali ndi khungu, amayi. Awa alibe. Majeremusi angawaphe tsiku lomwelo."

"Ukuti chifuwa changa chili ndi majeremusi?"

"Eya."

"Iwe!"

"Cha aliyense chili nawo. Changanso. Kontenayinso, ndipo ikununkha anyezi."

"Ndinaitsuka kawiri!"

"Anyezi akumvekabe."

Ndinatulutsa fomu m'chikwama, n'kuikupiza pamaso pake.

"Ukuiona iyi? Sindisaina. Popanda dzina langa apa, sukhudzanso abambo ako. Tione ngati uthire poizoni wakoyo."

Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa hafu leveni.

"Zoona, sindithira."

"Ehee! Bwanji sunatsike kalekale?"

"Mukapanda kusaina, 12 ikakwana a ku ofesi atsegula kaundula, apeza nambala ya abambo. Abwera kudzatenga mbale zawo zitatu, ndi mbewu yawo yonse imene tinaumitsa m'chisanu. Athira mankhwala otsukira m'chimbudzi aja, n'kutaya."

"Kutaya kuti?"

"M'sinki umo."

Ndinayang'ana sinkiyo. Munali kapu ya tiyi yosatsuka.

"Abambo ako? M'sinki?"

"Ndi lamulo. Munthu akasiya kuvomereza, sitiloledwa kusunga kanthu kake. Ndi ufulu wake."

"Ufulu wothiridwa za m'chimbudzi?"

"Umatetezedwa kwambiri."

"Dikira. Ndikasaina, uwapha. Ndikapanda kusaina, uwapha."

"Mukasaina ndipha mbale ziwiri mwa zitatu, Lachiwiri lokha, ndipo mbewu imatsala, timaleranso ena. Mukapanda kusaina afa onse, lero, mbewu yomwe. Ndi ntchito yanga ya zaka zitatu pa iwo ithera pomwepo."

"Malonda amtundu wanji opanda pothawira? Ndani anakuphunzitsa?"

"Palibe. Zinalembedwa pa tsamba lachiwiri la fomuyo."

"Tsamba lachiwiri ndani amawerenga!"

Ndinakhalanso pampando uja, ulendo uno ndinaponda pansi kuti usandizungulitse. Ndinabwera kudzapulumutsa munthu, ndipo zimaoneka kuti womuthira m'sinki ndikhala ine.

"Ukudziwa kuti lero batani limodzi lawatengera nthawi yaitali bwanji?" ndinatero. "Ndaphika tiyi, ndasesa, ndabwera, adakali pa batani lomwelo. Ndikati ndithandize, akuti siya. Munthu amene ankalowetsa ulusi pa singano akuyang'ana kumsewu, uku akukangana ndi kasitomala. Ndiye mutu ukuwadya mbali iyi, iwe ukuwadya mbali iyo. Atsala chiyani?"

Magalasi anavula magalasi ake, n'kuwapukuta ndi jasi nthawi yaitali kuposa mmene anadetsedwera.

"Mwaona mitundu iwiri yokha ya mbale, amayi. Yosakhudzidwa ndi ya poizoni. Simunafunse za yachitatu."

"Yachitatu umaithira chiyani, palafini?"

"Poizoni yemweyo, mlingo womwewo. Koma ndimayamba ndathira mankhwala ena amene amagwira kamphete kaja kuti kasafinye msanga."

Anatsegula makanema awiri, wa poizoni yekha kumanzere, wa mankhwalawo kumanja, pansi pake pali kawotchi kothamanga. Kumanzere ulusi unaning'a, phwii, phwii, mikanda, kutupa, kuzima. Kumanja ulusi unagwedezeka, unaonda, koma unali ulusibe. Mnzake atazima kalekale, iwo unali ukuyendabe. Ndinapezeka ndaimirira.

"Limba! Limba, iwe! Usamumvere ameneyo!"

"Ndi kanema wa sabata yatha, amayi. Sakumvani."

"Ngakhale abambo ako sandimva, koma ndimalankhulabe. Taona! Walumikizanso apo! Waona?"

"Ndinaona. Ndinawerenga."

Kenako nawonso unayamba kuduka, pang'onopang'ono, mpaka selo linazima.

"Aa! Wafanso?"

"Eya. Koma mochedwa."

"Mochedwa bwanji?"

"Maola anayi."

"Anayi okha? Onjezera."

"Pepani?"

"Asanu ndi atatu."

"Amayi, si ine ndimaika."

"Asanu ndi limodzi, tisakangane."

"Ndi zimene ndinayeza. Maola anayi ndi mphindi khumi, tikaphatikiza onse."

"Waona? Mphindi khumi unazibisa. Ndinadziwa kuti pali kena kumbuyo. Tsopano botolo la mankhwalawo lili kuti? Ndikawapatse abambo ako supuni imodzi m'mawa, imodzi madzulo."

"Ayi! Si mankhwala a munthu amenewo. Akhoza kuwavulaza. Mwina sadzakhala n'komwe mankhwala a munthu. Zimene zagwira m'mbale nthawi zambiri sizigwira m'thupi."

"Iwe ukanakhala wogulitsa nsapato bwenzi tikugona ndi njala. Kasitomala wakonda katundu, iwe ukumuonetsa pong'ambika."

"Palinso china. Kamphete kaja sitingakagwire mpaka kalekale. Ulusi ukapanda kuduka n'komwe, selo limadwalanso, chifukwa kudulako n'komwe kumachotsa mbali zowonongeka. Pamafunika kudula pang'ono, kulumikiza pang'ono."

"Kudula powola, n'kumanga mfundo."

"Tingatero."

"Zaka zitatu, magetsi onsewa, kuti upeze zimenezo? Abambo ako akanakuuza pa tiyi, osawadula mkono."

"Anandiuza. Koma pamafunika umboni."

Wotchi inali ikuthamanga. Ndinayala fomu patebulo, koma dzanja ndinaliika pamwamba pake.

"Kuti maola anayiwo akhale tsiku lathunthu, pakufunika chiyani?"

"Sindingalonjeze kuti adzakhala tsiku."

"Sindinati ulonjeze. Ndati pakufunika chiyani?"

"Kubwereza. Kusintha mlingo, kusintha nthawi yothira, kubwerezanso. Ma Lachiwiri ambiri."

"Bwanji Lachiwiri lokha? Lachitatu umatani?"

"Ndimawerenga mikanda."

"Lachinayi?"

"Ndimawerengabe."

"Lachisanu?"

"Msonkhano."

"Msonkhano! Abambo ako ali pa batani, iwe uli pa msonkhano! Ine benchi ndimatsegula masiku asanu ndi limodzi, mvula kaya dzuwa. Lero uthira zingati, wati?"

"Zisanu ndi zitatu."

"Khumi ndi ziwiri."

"Amayi?"

"Zonse. Zikungodya shuga m'menemo."

"Sizingatheke. Zinayi ziyenera kutsala zosakhudzidwa, kuti tikhale ndi pofanizira."

"Khumi ndi imodzi."

"Zisanu ndi zitatu."

"Khumi, ndipo Lachisanu uthirenso. Apo ayi, sindisaina."

"Mphindi makumi atatu zapitazo mumati ziwiri."

"Mphindi makumi atatu zapitazo unali usanandionetse katundu yense. Unayamba ndi wowola, wabwino n'kubisa pansi. Khumi."

"Zisanu ndi zitatu, amayi. Koma za Lachisanu ndikhoza kukafunsa akuluakulu."

"Ukawauze kuti anena ndi amayi ako."

"Sadzamvetsa."

"Mlonda wamvetsa."

Anayang'ananso wotchi. Thukuta linali litayamba pamphuno pake.

"Zatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo ofesi ili pamwamba."

"Ndiye lankhula msanga. Chikukuchedwetsa china n'chiyani? Ndikuona pankhope kuti chilipo."

"Anthu anayi onsewa ndi odwala. Tikusowa maselo a anthu a msinkhu womwewo amene sakudwala, kuti tione ngati ulusi wawo umaduka mofanana. Odwala amabwera okha. Abwinobwino safuna kudulidwa."

"A zaka zingati?"

"Kuyambira makumi asanu ndi zisanu."

"Wamkazi amaloledwa?"

"Amafunika kwambiri."

"Wa shuga wabwinobwino, wonyamula belo yekha?"

"Za belo sizili pa fomu."

Ndinatenga cholembera m'thumba la jasi lake. Sukulu ndinalekeza msanga, dzina langa ndimalemba ndi zilembo zikuluzikulu ndipo sindifuna wondithamangitsa. Iye anaima pambali akupondaponda ngati wofuna kukataya madzi. Nditamaliza anatambasula dzanja, ine n'kuigwirabe fomuyo kukona.

"Ya pakona ija uithire ya kumanja. Ya maola anayi."

"Sindikudziwa ngati ndi abambo, ndipo sindisankha ine."

"Ine ndakuuza. Zina ndi zako."

Ndinaisiya. Anathamanga, n'kukoka chitseko chokankha chija kawiri konse asanatuluke. Pobwera anandipeza nditavula jasi, nditapinda dzanja la bulauzi mpaka paphewa, mkono uli patebulo.

"Yalowa," anatero akupuma mwaphuma. "Kutatsala mphindi imodzi. Amayi, mukutani?"

"Dula. Mamilimita asanu ndi atatu."

"Amadula anamwino, tsiku lina, mutawerenga fomu yanu. Masamba onse. Ndipo ndi anayi."

"Asanu ndi limodzi. Sindikufuna kuti abambo ako azidzati tinapereka zofanana."

"Anayi. Komanso mudziwe kuti anunso tidzawathira poizoni."

"Nanga ndikuperekeranji, kuti azikamwa shuga? Undithire woyamba. Ndipo mbale yanga uiike pafupi ndi ya abambo ako, ndiziwayang'anira."

"Sindidzadziwa kuti yanu ndi iti, amayi. Idzakhala ndi nambala ngati zinazo."

Ndinatenga kontena yanga ya anyezi, n'kuitsekera m'chikwama.

"Udzadziwa, mwana wanga. Mbale imene idzakane kufa pa mtengo woyamba, ndi ineyo."